JOSEPH CHAMBERLAIN, WAMALONDA AMENE ANAMWETSA MZINDA (1836–1914)

Mlembi wa buku laciwiri la Mafumu, pofika pa mapeto a mbiri ya Hezekiya mfumu ya Yuda, anachula pamodzi ndi mphamvu zace zonse thamanda ndi ngalande zimene mfumuyo inakumba kuti madzi alowe m'Yerusalemu. Mai wa ku Kanyama kapena wa ku George, amene amalawira mbandakuca ndi cigubu kukaima pa mzere wa pa pompi, sadzafunsa cifukwa cace nchito yotere inalembedwa m'Buku Lopatulika. Iye adziwa kuti wolamulira mzinda ayesedwa ndi madzi amene ana a osauka alikumwa. Mbiri iri pano ndi ya munthu wa ku England amene anayamba ndi kusonkhanitsa cuma, nasiya malonda ali ndi zaka 38, nakhala Meya wa Birmingham zaka zosakwana zitatu. Ndipo m'kanthawi kameneko anasanduliza mzindawo kotero kuti akuru a mizinda ya kutali anadza kudzaphunzirako. Sanali munthu wopanda banga, ndipo zolakwa zace zidzanenedwa pamodzi ndi zabwino zace.

Ubwana ndi malonda

Joseph Chamberlain anabadwa pa 8 Julai 1836 ku Camberwell, m'mzinda wa London. Atate wace, amene dzina lao linali Joseph lomwelo, anali ndi nchito yosoka ndi kugulitsa nsapato, imene inakhala m'banja mwao mibadwo ingapo. Amai wace anali Caroline Harben. Banjali linali la mpingo wa Aunitariani, ndiwo anthu amene sabvomereza ciphunzitso ca Utatu Woyera, koma amalimbikira za kukhulupirika pa nchito ndi za kuthangata osauka. Masiku amenewo munthu wosakhala wa mpingo wa Anglican sakanatha kulandira digiri ku Oxford kapena ku Cambridge, ndipo ana a mabanja otere anakula alikudziwa kuti makomo ena ali otsekeka kwa iwo. Mnyamatayo anaphunzira ku University College School, napambana pa masamu ndi pa Cifalansa. Koma pofika zaka 16 atate wace anamcotsa pa sukulu, namkhazika pakati pa amisiri osoka nsapato kuti aphunzire nchito ya banja kuyambira pansi.

Caka ca 1854 mlamu wa atate wace, John Sutton Nettlefold, wa ku Birmingham, anafuna ndalama zogulira ufulu wa makina atsopano ocokera ku America. Makinawo anali opangira misomali ya mazinga yolowa m'thabwa moipotokola, imene akalipentala amati masikuruu. Kale masikuruu anali opanda nsonga, kotero kuti mmisiri anayenera kuyamba waboola thabwa asanawalowetse; koma makina atsopanowo anawaturutsa osongoka, ambirimbiri, ndi pa mtengo wocepa. Atate a Joseph anaikamo cuma cao, natumiza mwana wao, ali ndi zaka 18, kuti akayang'anire mbali yao. Kampaniyo inachedwa Nettlefold and Chamberlain.

A banja la Nettlefold anasamala za makina, ndipo Chamberlain anasamala za mabuku a ndalama ndi za misika. Anayenda m'mizinda kukaonana ndi ogulitsa zitsulo, nafunsitsa cimene ogula afuna. Pofuna msika wa ku France anayesa masikuruu ndi miyeso ya kumeneko, nawakulunga monga eni dzikolo anazolowera. Makampani ena opikisana naye anawagula. Cotero panafika nthawi imene mwa masikuruu atatu ali onse opangidwa m'England, awiri anaturuka m'fakitale yao, ndipo katundu wao anaoloka nyanja kunka ku maiko ambiri. M'zaka za pambuyo adani ace anamnenera kuti anakwera pamwamba mwa kupondereza amisiri ang'ono, ndipo ena amene anacita naye malonda anamtsutsira mlanduwo; koma palibe amene anakana kuti pa nkhani ya mtengo anali munthu wouma mtima ndi wosabwerera m'mbuyo.

Cisoni ca m'nyumba ndi sukulu ya Sabata

Caka ca 1861 anakwatira Harriet Kenrick. Anabala ana awiri, Beatrice ndi Austen, koma Harriet anamwalira m'caka ca 1863, atangopita masiku owerengeka cibadwire Austen. Chamberlain anasiyidwa ali ndi zaka 27 ndi makanda awiri. M'caka ca 1868 anakwatira Florence Kenrick, mbale wa mkazi wace woyamba, amene anambalira Neville, Ida, Hilda ndi Ethel.

M'zaka zimenezi, ngakhale anali wotanganidwa ndi malonda, anaphunzitsa anyamata osauka m'sukulu ya Sabata ya mpingo wace, ndiponso m'makalasi a madzulo. Kumeneko anaona ndi maso ace ana a m'mzinda wolemera amene sanadziwe ngakhale kulemba dzina lao. Cimeneci ndico cinamkokera ku nkhani za dziko. Caka ca 1869 iye ndi anzace anayambitsa bungwe lochedwa National Education League, lopempha kuti mwana ali yense alowe sukulu mokakamizidwa ndi lamulo, kwaulere, ndipo kuti sukulu za boma zisakhale m'manja mwa mpingo umodzi. Lamulo la maphunziro la 1870 silinapereke zonse zimene anafuna, koma dzina lace linayamba kumveka m'dziko lonse. Caka comweco ca 1869 anasankhidwa kulowa m'Khonsolo ya Birmingham.

Mzinda wolemera, anthu odwala

Pa kalembera wa 1871 anthu a m'Birmingham anapitirira 340,000. Unali mzinda wa osula zitsulo, opanga mfuti, mabatani, zolembera ndi zokometsera za golidi, ndipo cuma cinalowamo cambiri. Koma anchito anakhala m'tinyumba tomangidwa mogundana misana, topanda zenera kumbuyo, tozungulira kabwalo kamodzi kamene mabanja ambiri anagawana cimbudzi ndi citsime. Kampani yogulitsa madzi inatsegula mipope yace masiku atatu okha pa sabata, ndipo anthu ocuruka sanafikidwe ndi mipopeyo konse. Anamwa madzi a m'zitsime zosaya zokumbidwa pafupi ndi maenje a zonyansa, kapena anagula kwa oyenda ndi ngolo. Matenda otsegula m'mimba, taifodi ndi nthomba anatenga ana caka ndi caka. M'dera la osauka la St Mary's anthu anafa mowirikiza kawiri poyerekeza ndi ku Edgbaston, kumene kunakhala olemera.

Khonsolo ya masiku aja inali m'manja mwa anthu amene nzeru yao yonse inali kucepetsa msonkho. Amalonda akuru anayesa nchito ya Khonsolo cinthu conyozeka, cosayenera munthu waulemu, naisiyira ena.

Amene anasintha maganizo amenewa anali abusa. George Dawson, wa Church of the Saviour, analalikira zaka zambiri kuti mzinda suli mulu wa nyumba cabe, koma banja limene Mulungu adzalifunsa za ziwalo zace zofoka. Ndipo kuti kukonza ngalande ndi kumanga nyumba yowerengeramo mabuku ndi nchito yopatulika. Robert William Dale, mbusa wa mpingo wa Congregational wa ku Carr's Lane, munthu wogwiritsa Uthenga Wabwino wa mtanda, anaphunzitsa Akristu ace kuti pemphero lakuti cifuniro ca Mulungu cicitike pansi pano liwamanga iwo kukaponya voti ndi kukakhala m'makomiti a Khonsolo, ngakhale nchitoyo ikhale yotopetsa ndi yopanda malipiro. Pamodzi nao panali Henry Crosskey, mbusa wa Church of the Messiah, kumene Chamberlain anapemphera. Abusa atatuwa anasiyana kwambiri pa ziphunzitso za cikhulupiriro, koma pa nkhani ya mzinda analankhula ndi mau amodzi. Pang'ono pang'ono amuna anzeru ndi acuma a m'mipingo yao anayamba kudzipereka pa zisankho.

M'Novembala 1873 gulu la a Liberal linapambana, ndipo Chamberlain anasankhidwa Meya. Caka cotsatira a banja lace anagulitsa mbali yao ya kampani kwa a Nettlefold, ndipo iye sanabwererenso ku malonda a masikuruu.

Gasi poyamba

Anthu anayembekeza kuti Meya watsopano ayamba ndi madzi, koma iye anayamba ndi gasi, ndiwo mpweya woyaka wocokera ku malasha umene unaunikira miseu ndi nyumba magetsi asanadze. Makampani awiri anagulitsa gasi m'mzindamo, nakumba miseu pamene anafunira, natenga phindu lalikuru. Maganizo a Chamberlain anali awa: cinthu cimene munthu ali yense acisowa, ndipo sangathe kucigula kwa wina koma kwa wogulitsa mmodzi yekha, ciyenera kukhala m'manja mwa osankhidwa ndi anthu, ndipo phindu lace libwerere kwa anthuwo. Anadziwanso kuti Khonsolo singathe kucita zazikuru ndi msonkho wa nyumba wokha, popeza okhoma msonkho adzakana. Inasowa kasupe wina wa ndalama.

Mtengo wa makampani awiriwo unali pafupifupi £2,000,000, pamene ngongole yonse ya mzinda kufikira nthawi imeneyo inali monga £500,000. Ambiri anacita mantha. Koma Meya anaika ziwerengero zace poyera monga wamalonda wozolowera mabuku, nanena pa msonkhano wa okhoma msonkho kuti akakana iwo, iye mwini ali wokonzeka kutenga malondawo ndi kulemera nao. Anthu anaona kuti munthu amene anadziwa kupanga cuma cace sangaike dzina lace pa cinthu cakugwa, nabvomera. Nyumba ya Malamulo inaloleza m'caka ca 1875. Caka coyamba phindu linali £34,000, ndipo mtengo wa gasi unatsika.

Madzi

Atapeza cikhulupiriro ca anthu, anatembenukira ku madzi. Pano sanalankhule za phindu. Ananena kuti madzi ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo kuti mzinda usadzapindule nao konse; ndalama iri yonse yotsala ipite ku kutsitsa mtengo ndi kufikitsa mipope kumene sinafike. Dokotala wa mzinda, Alfred Hill, amene anaikidwa pa nchitoyo m'caka ca 1872, anapima madzi a m'zitsime napeza kuti ambiri anali osanganikirana ndi zocokera m'zimbudzi. Eni kampani anakana kugulitsa, nalimbana naye kufikira ku Nyumba ya Malamulo ku London, kumene Chamberlain anapita yekha kukapereka umboni. Anapambana, ndipo m'Januwale 1876 nchito ya madzi inalowa m'manja mwa mzinda pa mtengo wa £1,350,000. Zitsime zoipa zinayamba kutsekedwa, mipope inafalikira m'mabwalo a osauka, ndipo oyendera zaukhondo anacurukitsidwa. Nchito imene iye anaiyamba inapitirira m'manja mwa omtsata, kufikira m'caka ca 1904 pamene madzi a ku Elan Valley, m'mapiri a Wales, anafika ku Birmingham m'ngalande yotalika mamailosi 73.

Pakati pa nkhondo ya madziyi cisoni cinalowanso m'nyumba mwace. M'Febuluwale 1875 Florence anamwalira pobala, ndipo khandalo linamtsata posacedwa. Kawiri tsono imfa inamlanda mkazi pa njira imodzimodzi. Chamberlain anabisa misozi yace, nadziponya m'nchito usana ndi usiku. Koma cikhulupiriro cace ca pa Mulungu cinasweka, ndipo iye mwini anaulula cimeneci kwa abwenzi ace. Sanaleke kudziwerengera pamodzi ndi anthu a mpingo wa makolo ace, koma citonthozo ca cipembedzo sanacipezenso. Nchito zambiri zimene mzinda umamkumbukira nazo anazicita ali ndi bala limeneli mumtima.

Mseu waukuru ndi mtengo wace

Caka comweco ca 1875 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lopatsa makhonsolo mphamvu yogula ndi kugwetsa nyumba zosayenera kukhalamo anthu. Mkhonsolo wina wa mpingo wa Quaker, William White, anayenda m'tinjira ta St Mary's nafotokozera anzace zimene anaona: makoma onyowa, madenga odontha, ana otumbuluka. Chamberlain anakonza zogula dera lalikuru pakati pa mzinda, kugwetsa zonse, ndi kulambula mseu wotakata wochedwa Corporation Street. Pofuna kuti malo agulidwe msanga mitengo isanakwere, iye ndi anzace anasonkha ndalama zao, ndipo iye anaikapo £10,000. Malo a m'mbali mwa mseuwo sanagulitsidwe koma anabwerekedwa kwa amalonda zaka 75, kuti potha nthawiyo nthaka ndi nyumba zomangidwapo zibwerere kwa mzinda. Pa cimeneci anaganizira adzukulu amene sakanawaona.

Imfa zinacepadi m'deralo: pa anthu 1,000 ali onse panali kufa monga 53 pa caka m'zaka za 1873 kufikira 1875, koma m'zaka za 1879 kufikira 1881 anatsika kufika monga 21. Komatu ciwerengero cimeneci cibisa kanthu. Ambiri a iwo amene anali kufa sanacire ai, anangocotsedwa. Pamene panali nyumba zao panamangidwa masitolo ndi maofesi. Khonsolo sinawamangire nyumba zina, pakuti Chamberlain anakhulupirira kuti kumanga nyumba ndi nchito ya amalonda, ndipo amalondawo sanaone phindu pomangira anthu osauka. Mabanja zikwi anapita kukadzipanikiza m'mabwalo ena oyandikana nao, kumene lendi inakwera cifukwa ca kucuruka kwa ofuna malo. Nyumba zoyamba za Khonsolo sizinamangidwe kufikira caka ca 1890, ndipo zinali zowerengeka. Akuru anati walira mvula walira matope. Koma pano amene analira mvula ndi ena, ndipo matope anagwera ena.

M'zaka zomwezo miseu inayalidwa miyala niunikiridwa, mabwalo opumulirako anatsegulidwa, ndipo sukulu zatsopano zinamangidwa, popeza Chamberlain analinso wapampando wa bungwe loyang'anira sukulu. Pa 17 Juni 1874 anaika mwala wa maziko wa nyumba yaikuru ya Khonsolo, imene iripo kufikira lero. Anasankhidwa Meya katatu motsatizana, ndipo m'Juni 1876 anatula udindowo atasankhidwa kuimira Birmingham m'Nyumba ya Malamulo.

Nduna ya boma ndi maiko a Afrika

Anakhala m'Nyumba ya Malamulo zaka 38, wodziwika ponse ponse ndi galasi la diso limodzi ndi duwa la pa jekete. Kuyambira 1880 kufikira 1885 anali nduna ya zamalonda pansi pa William Gladstone. M'caka ca 1886 anapatukana ndi Gladstone pa nkhani yopatsa Ireland boma laokha, nang'amba cipani ca Liberal pakati. M'caka ca 1888 anakwatira Mary Endicott wa ku America, amene anakhala naye kufikira imfa. Kuyambira 1895 kufikira 1903 anali Nduna yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo apa ndi pamene mbiri yace ikhudza maiko a kuno.

Caka ca 1895 mafumu atatu a Atswana, Khama, Sebele ndi Bathoen, anaoloka nyanja pamodzi ndi mbusa W. C. Willoughby wa London Missionary Society, kukapempha kuti dziko lao lisaperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes, ndiyo British South Africa Company. Analankhula m'mipingo ya mizinda yambiri, ndipo Akristu a ku Britain anaima nao. M'Novembala Chamberlain anabvomera kuti maiko a mafumuwo akhale pansi pa citetezo ca Mfumukazi, iwo napereka kadera ka kum'mawa kodutsamo njanji. Anathandizanso kukhazikitsa sukulu yophunzitsa za matenda a maiko otentha ku London m'caka ca 1899, pamodzi ndi dokotala Patrick Manson, zitangodziwika kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu.

Koma mbali yina ndi yakuda. Kumapeto kwa Disembala 1895 Leander Starr Jameson, amene dzina lace linapatsidwa kwa Fort Jameson, ndiyo Chipata ya lero, analowa m'Transvaal ndi asilikali a kampani ya Rhodes kukagwetsa boma la Mabunu, nagwidwa. Chamberlain anakana kuti sanadziwe za ciwembuco, ndipo komiti yofufuza ya 1897, imene iye mwini anakhalamo, inammasula. Koma olemba mbiri a pambuyo pace, ataona makalata amene anabisidwa, apeza kuti anadziwa zambiri kuposa zimene anabvomera. Nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ya 1899 kufikira 1902 anthu ambiri anaicha nkhondo yace. M'misasa imene asilikali anatsekeramo anthu wamba munafa Mabunu oposa 26,000, makamaka akazi ndi ana, ndiponso anthu akuda zikwi zambiri, ndi matenda omwe aja a madzi oipa ndi kupanikizana amene iye analimbana nao ku Birmingham. Anakhulupirira kuti mtundu wa Angelezi ndiwo woyenera kulamulira mitundu yina; ndipo ufulu wosankha olamulira, umene anaumenyera anchito a kwao, sanauganizire anthu a mu Afrika. Cifundo cace cinali ndi malire, ndipo malirewo anali a mtundu.

Masiku otsiriza

M'caka ca 1900 anapezera Birmingham yunivesite yace, nakhala mkuru wace woyamba. Nsanja ya koloko ya pamenepo ichedwa Old Joe pomkumbukira. M'caka ca 1903 anaturuka m'boma kukalalikira za msonkho wa pa katundu wolowa m'dziko, ndipo nkhaniyo inagawanitsa cipani caciwiri cimene iye anagwirizana naco. M'Julai 1906 mzinda wonse unakondwerera kuti wakwanitsa zaka 70. Patangopita masiku owerengeka anagwa ndi nthenda yakufa ziwalo, imene inapuwalitsa mbali ya ku manja ya thupi lace ndi kumanga lilime lace. Munthu amene mau ace anagwedeza misonkhano anakhala zaka 8 wosatha kulankhula momveka, koma anthu a West Birmingham anapitirira kumsankha. Anamwalira ku London pa 2 Julai 1914, mwezi umodzi Britain isanalowe m'nkhondo yaikuru yoyamba. Kunaperekedwa malo ku Westminster Abbey, kumene kugona mafumu ndi David Livingstone, koma a banja lace anakana, namuika ku manda a Key Hill m'Birmingham, kumene anagona akazi ace awiri oyamba. Mwana wace Austen anadzalandira mphotho ya mtendere ya Nobel ya caka ca 1925. Neville anakhala Meya wa Birmingham m'caka ca 1915, ndipo Nduna Yaikuru ya Britain kuyambira 1937 kufikira 1940.

Birmingham ndi Lusaka

Pamene Chamberlain anadwala, Lusaka inali kasiteshoni ka njanji kamene kanayamba m'caka ca 1905. Inakhala likuru la dziko m'caka ca 1935, ndipo amene anailinganiza anaganizira za Azungu ndi maofesi a boma, osati za miyanda ya anthu amene anadza kudzaimanga ndi kuitumikira. Ena anapatsidwa nyumba za Khonsolo ku Matero ndi ku Chilenje. Ambiri anadzimangira okha pa mafamu ndi pa malo okumbapo miyala, ndipo umo ndimo anayambira makomboni monga George, Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga. M'caka ca 1964 Bambo Safeli Chileshe, amenenso anali munthu wamalonda, anakhala Meya woyamba wacikuda wa mzindawo, nalandira colowa ca mzinda wogawika pakati.

Pa cinthu cimodzi Lusaka inacita mwanzeru kuposa Birmingham. Itayesa zaka zambiri kugwetsa makomboni osapindula kanthu, inasintha njira. Ku Mtendere anthu anapatsidwa mapuloti kuti amange okha. Lamulo la nyumba la 1974 linabvomereza makomboni kukhala malo oyenera kukonzedwa, nilipatsa okhalamo cilolezo ca zaka 30. Ndipo ndi ngongole ya World Bank miseu ndi mapompi zinalowa m'George ndi m'Chawama eni ace ali pomwepo. Kukonza malo osapitikitsa osauka ndilo phunziro limene Chamberlain sanaliphunzire.

Koma phunziro limene iye analidziwa bwino likali kudikira. Kanyama yakhala pa thanthwe la laimu la mphako zambiri, ndipo madzi a pansi ali pafupi; mvula ikagwa, za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosaya, monga momwe Dokotala Hill anapezera ku Birmingham. Kolera imene inabuka m'Okutobala 2017 inagwira anthu oposa 5,000 m'Lusaka, ndipo Kanyama inali pakati pa madera osautsidwa koposa. M'mliri wa 2023 ndi 2024 bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo m'dziko lonse munafa anthu oposa 700. Ambiri a iwo anali a m'makomboni, anthu amene amalipira cigubu ca madzi mtengo wowawa kuposa amene ali ndi pompi m'nyumba.

Mneneri Yeremiya analembera Ayuda okhala ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene analimo ndi kuupempherera, popeza mtendere wao unamangika pa mtendere wa mzindawo. Abusa a ku Birmingham anamva mau amenewa monga lamulo la masiku ao, naturutsa m'mipingo yao anthu odziwa kuwerengera ndalama, kuti luso limene analemera nalo litumikire amene alibe kanthu. M'mipingo ya Matero ndi Kalingalinga muli eni masitolo, eni mabasi ndi omanga nyumba amene Mulungu anawapatsa luso lomwelo. Ena a iwo amayesa nchito ya Khonsolo cinthu codetsa, naithawa. Ena amaifuna kuti apezemo mapuloti ndi makontirakiti. Chamberlain analowamo atalemera kale, nataya nthawi yace ndi ndalama zace, ndipo sanamveke kuti anatengamo kanthu. Mkristu wolowa m'nchito yotere atsanze kukhulupirika kwace pa cuma ca anthu ndi kulimba mtima kwace pa nkhani ya madzi. Koma akumbukirenso mabanja a St Mary's amene anacotsedwa osapatsidwa pogona, ndi ana amene anafera m'misasa ya ku South Africa, pakuti Ambuye amene adzafunsa za womva ludzu adzafunsanso za mlendo, wa mtundu uli wonse.